Injini yosinthidwa ikamamwa mafuta ambiri galimoto itaima

Injini ya petulo imayaka bwino pamene mpweya ndi mafuta zasakanikirana pa mlingo woyenera, womwe ndi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, ndipo mafuta akapitirira mlingo umenewu zizindikiro zake sizibisika: utsi wakuda, fungo la petulo ku ekizozi, mwaye pa mapulagi, ndiponso injini yonjenjemera imene imafuna kuzima galimoto ikaima pa maloboti. Vutoli limakonda galimoto zimene eni ake azisintha pofuna kuwonjezera mphamvu, ndipo ambiri likawagwera amathamangira kwa katswiri amene adasintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti akachepetse mafuta. Kutero n'kupupuluma, chifukwa kompyutayo siwona m'kati mwa silinda, koma imangowerengera mafuta motsatira zimene masensa ayiuza, kotero kuti sensa ikanama, nayo imalakwitsa ngakhale pulogalamu yake ili yabwino.

Kulira kwa injini galimoto itaima, kumene amakaniko amati idling, ndiye nthawi yovuta kwambiri kuyeza mafuta, poti ofunikawo ndi ochepa zedi. Injekita, yomwe ndi kavalavu kamagetsi kopopera petulo, imatseguka kwa mamilisekondi awiri kapena atatu okha pa nthawi imeneyi (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), ndipo pafupifupi milisekondi imodzi imathera pongoyembekezera kuti kavalavuko katseguke, kuchedwa kumene kumasintha malinga ndi mphamvu ya batire. Mwini galimoto akaika mainjekita akuluakulu, nthawi yopopera imafupikiranso, ndipo ngati kompyuta sidauzidwe molondola za kuchedwa kwa mainjekita atsopanowo, kulakwitsa kwakung'ono kumasanduka mafuta ochuluka. Pamsewu, pamene injekita imatseguka nthawi yaitali, kulakwitsa komweko sikumveka n'komwe, n'chifukwa chake galimoto yotere imathamanga bwino pa msewu wa M1 koma n'kumatsamwa pa mzere wa galimoto m'tauni.

Camshaft yampikisano, imene imasiya mavalavu olowetsa mpweya ndi otulutsa utsi ali otsegula pamodzi kwa kanthawi kotalikirapo, imafooketsa kukoka kwa mpweya mu manifold, chomwe ndi chitoliro chogawira mpweya ku masilinda. Sensa ya MAP, yoyeza mphamvu ya mpweya m'chitolirocho, imawerenga pafupifupi 30 mpaka 35 kPa pa injini wamba yoima, koma camshaft yotere ikhoza kukweza chiwerengerochi kufika 50 kapena kuposa, ndipo kompyuta imayesa kuti injini yasenza katundu n'kuwonjezera mafuta. Kachipangizo kowongolera mphamvu ya petulo nako kamadalira kukoka komweko kudzera m'kapaipi kakang'ono, kamene kakaiwalika pobwezera zipangizo, mphamvu ya mafuta imakhala yokwera nthawi yonse ya idling. Pa galimoto za turbo zoyeza mpweya ndi sensa ya MAF, monga Subaru Impreza WRX, valavu yotaya mpweya kunja, imene achinyamata amaikonda chifukwa cha phokoso lake, imataya mpweya umene kompyuta yawerengera kale mafuta ake, ndipo injini imakhuta petulo woyendetsa akangochotsa phazi.

Chosocheretsa kwambiri ndi sensa ya okosijeni ya mu ekizozi, imene kampani ya Bosch idapanga ndipo idayamba kugwira ntchito mu galimoto za Volvo mu 1976. Sensayi siyeza petulo, imayeza okosijeni wotsala mu utsi. Ekizozi yatsopano ikawotcheredwa mwachisawawa n'kusiya kabowo pakati pa injini ndi sensa, mpweya wakunja umalowa, sensa imanena kuti mafuta achepa, ndipo kompyuta imathira ena pa injini imene inalibe vuto. Silinda yosayaka imachita chimodzimodzi, chifukwa imatulutsa okosijeni wosagwiritsidwa ntchito, ndipo apa vuto limadzidyetsa lokha: mafuta owonjezerawo amadetsa mapulagi, mapulagi akuda amalephera kuyatsa, ndipo sensa imapemphanso mafuta ena. Mmisiri amene sadziwa zimenezi akhoza kugula mapulagi atsopano mwezi ndi mwezi osakhudza gwero lake.

M'magalaja ambiri kuno kwathu muli chizolowezi chochotsa thermostat poganiza kuti dziko lotentha siliyifuna, chikhalirecho ntchito yake ndi kusunga madzi a injini pa kutentha kwa madigiri 80 mpaka 90. Ikachotsedwa injini imachedwa kutentha, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, ndipo kompyuta imapitiriza kupereka mafuta ochuluka amene amayenera injini yozizira yokha.

Kufufuza kwanzeru kumayamba ndi makina owerengera kompyuta a OBD-II, njira imene idakhala lamulo ku United States kuyambira 1996. Nambala ya P0172 ikaoneka pa makinawo imatanthauza kuti mafuta achuluka, koma chothandiza koposa ndi fuel trim, chiwerengero chosonyeza mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa payokha. Ikamachotsa oposa 10 peresenti, ndiye kuti petulo akulowa wambiri kuchokera ku mainjekita, ku mphamvu ya mafuta kapena ku sensa yoyeza mpweya. Ikamawonjezera pamene mapulagi ali akuda, wolakwa ndi ekizozi yobooka kapena silinda yosayaka. Kutentha kwa madzi, mphamvu ya petulo ndi timapaipi tonse ziyenera kuyezedwa pulogalamu isanakhudzidwe, ndipo posintha pazisinthidwa chinthu chimodzi pa nthawi, kuti chimene chathandiza chidziwike.

Kuzengereza kuli ndi mtengo wake, pakuti petulo wosapsa amatsuka oyilo m'mbali mwa masilinda, amasungunula oyilo wa mu sampu, ndipo amatenthetsa catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, mpaka kuiwononga. Mwini galimoto amene oyilo wake wayamba kununkha petulo ayenera kumusintha msanga, ndipo asalole kuti katswiri achepetse mafuta m'pulogalamu asanamuwonetse ziwerengero za fuel trim ndi za kutentha kwa madzi.