Pempho kwa Amalawi anzathu: musagulitse munda chifukwa cha lonjezo la IVF



Tikulemba uthenga uno mitima ikuwawa. Sabata yathayi taika m'manda mayi wa m'gulu lathu, gulu la mabanja amene tikufunafuna mphatso ya mwana. Dzina lake sititchula, pakuti banja lake lalira mokwanira. Koma mmene wafera sitingabise, chifukwa nambala ya foni imene inamunyenga ikuyendabe m'magulu a WhatsApp mpaka lero.

Mwini nambalayo amadzitcha ejenti wa chipatala cha kunja chothandiza anthu kubereka kudzera mu IVF. Anauza mayiyu kuti asataye nthawi ndi madokotala a kuno, angolipira theka la ndalama, ayambe kudzibaya jakisoni kunyumba, kuti pofika kunjako mazira adzakhale atakhwima kale. Mnzathuyu anagulitsa puloti, anakongola kubanki m'khonde, yotsalayo anakatenga kwa akatapila. Patangopita masiku mimba inayamba kutupa, ndipo achibale anasangalala poganiza kuti waima. Sikunali kuima. Jakisoni ameneyu amakakamiza thupi kukhwimitsa mazira ambiri nthawi imodzi, ndipo mwa amayi ena matumba a mazira amafufuma, madzi n'kudzadza m'mimba ndi m'chifuwa, magazi n'kuyamba kuundana. N'chifukwa chake chipatala chenicheni chimaunika mayi ndi sikani pafupipafupi, n'kumasintha mlingo wa mankhwala. Mnzathuyu panalibe womuunika. Anafika kuchipatala akubanika kale.

IVF payokha si chinyengo, ndipo sitikufuna wina atimve molakwa. Mwana woyamba wobadwa m'njira imeneyi, Louise Brown, anabadwira ku Oldham m'dziko la England pa 25 July 1978, ndipo anakula n'kudzabereka ana ake. Robert Edwards, mmodzi mwa amene anayambitsa njirayi, analandira mphoto ya Nobel mu 2010. Madokotala amatenga mazira a mayi, kuwaphatikiza ndi mbewu ya bambo mu labotale, ndipo pakapita masiku atatu kapena asanu amabwezera kamluza m'chiberekero. Kwa mayi amene machubu ake onse anatsekeka, nthawi zambiri njira yodalirika ndi imeneyi. Vuto ndi mtengo, ndipo mtengowo ndi umene ukutipereka m'manja mwa akuba.

Tiyeni tiwerengetsere. Ku Britain, kuyesa kamodzi kokha m'chipatala cholipira kumatha kufika mapaundi 5,000 kapena kupitirira. Mu 2024 ndalama imeneyi inali yoposa K10 miliyoni pa mtengo wa kubanki, pamene malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa chaka chimenecho anali K90,000 pa mwezi. Ndiye kuti munthu wolandira malipiro amenewa agwire ntchito zaka pafupifupi khumi, osadya, osalipira lendi, kuti ayese kamodzi. Anzathu ambiri amapita ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku India kumene mtengo umatsikirapo, koma ndi mamiliyoni ndithu. Ndipo ndalama imene amakuuzani pa foni si yonse. Mankhwala amalipitsa paokha. Ngati mbewu ya bambo ndi yofooka, pamafunika kubaya mbewu imodzi m'dzira ndi kasingano, ndipo imeneyo ndi ndalama ina. Kusunga miluza yotsala m'chisanu ndi ndalama inanso ya chaka ndi chaka. Onjezani ulendo wa anthu awiri, malo ogona kwa masabata atatu kapena anayi, chakudya. Zonsezi ndi za madola kapena marandi, pomwe kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anayamba kusunga ndalama mu 2021 anaona khama lake likusungunuka ali maso. Za kusowa kwa madola m'mabanki sitichita kukuuzani.

Chimene ma ejenti sanena n'chakuti kulipira si kugula mwana. Ziwerengero za ku Britain za 2019 zikusonyeza kuti mwa amayi osafika zaka 35, mwana ankabadwa pafupifupi kamodzi pa maulendo atatu amene kamluza kaikidwa. Kwa amayi a zaka 40 mpaka 42 kunali pafupifupi kamodzi pa maulendo khumi. Uku ndi ku dziko la zipangizo zonse. Choncho aliyense amene akukuuzani kuti "mimba ndi ya shuwa" ndi wabodza, ngakhale avale gawuni yoyera, ngakhale atchule dzina la Mulungu. Ku Anambra m'dziko la Nigeria, atolankhani a BBC anaulula mu 2024 zipatala zachinyengo zimene zinkabaya amayi mankhwala otupitsa mimba, kuwauza kuti ali ndi pakati posaoneka pa sikani, kenako n'kuwapatsa makanda ogulidwa kwa atsikana osauka. Musaganize kuti mtima wa akuba a kumeneko ndi wosiyana ndi wa akuba a kuno.

Tsopano pali mawu amene tawamva pasiwa, ndipo atilasa kuposa china chilichonse. Bambo wina wolemekezeka anati: "Dziko lino ana ndi ambiri kale, m'zipatala mulibe ndi panado yemwe, ndiye tizilira za IVF? Akanangolera ana a achemwali ake." Ambiri anagwedeza mitu movomereza. Bambo ameneyu ali ndi ana ake kunyumba. Kodi ndani anamuuzapo kuti asabereke chifukwa dziko ladzaza? Zoona, kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni. Koma chiwerengero cha ana amene mayi mmodzi amabereka chinatsika kuchoka pa 6.7 mu 1992 kufika pa 4.4 m'kafukufuku wa 2015 ndi 2016, ndipo chinatsika chifukwa cha kulera ndi sukulu, osati chifukwa cha misozi ya osabereka. Simungathetse vuto la kuchulukana posiya banja limodzi likulira. Uchembere wabwino uli ndi mbali ziwiri, kuthandiza wofuna kulera ndi kuthandiza wofuna kubereka. Ife tinasankha mbali imodzi n'kuitsanulira ndalama, inayo tinaisiyira asing'anga ndi aneneri.

Nanga za kulera ana a abale, mukuganiza kuti sitilera? Pitani m'nyumba zathu mukaone amene akulipira fizi ya ana amasiye a m'banja. Ndife. Mnzathu amene tamuika uja analera atatu, ndipo anawakonda. Koma tsiku limene munakangana za munda, ndinu nomwe munamukumbutsa kuti alibe wake. Ndinu amene mumati chumba. Ndinu amene mumaletsa ana anu kudya kunyumba kwake poopa kuti ndi mfiti. Mwamuna akamwalira, ndinu amene mumabwera ndi lole kudzatenga katundu chifukwa "palibe mwana". Ndiye lero mukudabwa kuti wagulitsa puloti? Simungamunyoze munthu zaka khumi chifukwa chosowa mwana, n'kudzamunyozanso chifukwa chofunafuna mwanayo. Ndipo za panado tikuzidziwa bwino kuposa inu, chifukwa timaima pa mizere yomweyo. Sitinanene kuti boma lisiye malungo n'kuyamba IVF. Bungwe la World Health Organization limati kusabereka ndi matenda, ndipo mu 2023 linalengeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu ndi mmodzi aliwonse amakumana ndi vutoli pa moyo wake, m'mayiko olemera ndi osauka momwemo. M'tchalitchi mwanu, mumzikiti mwanu, pabenchi imene mumakhala, alipo. Angokhala chete chifukwa akudziwa pakamwa panu.

Chopweteka china n'chakuti ambiri mwa ife sitikanafika pofuna IVF. Kuno ku Africa chimene chimatseka machubu a amayi ambiri ndi matenda amene sanachizidwe msanga: chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana, matenda obwera mayi akachira kapena akapita padera pamalo opanda ukhondo, kuchotsa mimba mobisa, ngakhalenso likodzo la m'ziwalo zoberekera limene ndi lofala m'madera a m'mphepete mwa nyanja. Ambiri mwa matenda amenewa amatha ndi mankhwala otsika mtengo akagwidwa msanga. Tikuwanyalanyaza lero, mawa n'kumafuna mamiliyoni.

Abambo anzathu, ife amuna a m'gululi tikulankhula nanu maso ndi maso. Pa mabanja amene akuvutika, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna. Kugwira bwino ntchito ya m'nyumba si umboni woti mbewu ili bwino. Kuyezetsa umuna n'kosavuta, sikupweteka, ndipo mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono poyerekeza ndi ulendo wa kunja. Koma timaona mkazi akumwa zitsamba zaka zisanu, akugona kumapiri, akukandidwa mimba, mwamuna osapondako kuchipatala poopa kutchedwa gojo. Ena amakakwatira wachiwiri, wachitatu, n'kubweretsa m'nyumba matenda amene amatsekeratu machubu a mkazi woyamba. Apongozi ena mpaka lero amanong'oneza za fisi, ngati kuti HIV inatha. Ankhoswe, mukaitanidwa pa nkhani imeneyi, funso lanu loyamba likhale lakuti, "Kodi nonse awiri mwayezetsa?"

Mtengowu si lamulo la kumwamba. Ku Genk m'dziko la Belgium, Dr Willem Ombelet ndi anzake a bungwe la The Walking Egg anapanga njira yosavuta yokulitsira miluza popanda labotale yodula, ndipo ana athanzi anabadwa, ku Belgium konko ndi ku Ghana komwe. Ku South Africa, zipatala za boma zophunzitsira madokotala monga Tygerberg ndi Groote Schuur zimapereka chithandizochi pa mtengo wotsikirapo. Ngati anzathu anayamba, aphungu athu ndi Unduna wa Zaumoyo atiuze chimene chikuletsa kuti zipatala za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu zikhale ndi kiliniki yodalirika yoyeza mwamuna ndi mkazi pamodzi, ndiponso kuti pakhale lamulo loti aliyense wopereka IVF azilemba poyera mtengo wonse ndi chiwerengero cha ana amene anabadwadi.

Pakadali pano tikupempha zochepa. Ngati chaka chatha muli limodzi osalera koma mimba osabwera, pitani nonse awiri kwa dokotala wa amayi, ndipo ngati mayi wapitirira zaka 35 musadikire chaka, miyezi isanu ndi umodzi yakwana. Musadzibaye jakisoni aliyense wa mazira popanda dokotala wokuunikani. Musatumize ndalama kwa ejenti pa foni, lankhulani ndi chipatalacho mwachindunji, ndipo chikupatseni mtengo wonse polemba. Safunsa anadya phula: dokotala wa kuno mufufuzeni ku Medical Council of Malawi, za mankhwala funsani ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala. Ndipo musanagulitse munda kapena nyumba, khalani pansi mufunsane kuti mukabwerako opanda mimba mudzakhala kuti.

Ngati muli ndi nambala ya ejenti uja, kapena munamutumizirapo kale ndalama, musachite manyazi. Pitani nayo kupolisi lero. Ndipo ngati mukudziwa mayi amene wayamba kale jakisoniyo, mimba ikutupa kapena akupuma movutikira, musadikire kuche, muthamangire naye kuchipatala.