Mawanga Akatha, Mkodzo Uyezedwebe

Pali nthenda ina yotupitsa timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, imene imagwira kwambiri ana a zaka 3 mpaka 10. Madokotala amaitcha Henoch-Schönlein. Mwana amatuluka timawanga tofiirira kapena todera m'miyendo ndi m'matako, tosazimirira tikadinidwa ndi chala. Mawondo ndi akakolo amatupa, ndipo m'mimba mumapota. Pakapita milungu ingapo zonsezi zimatha zokha, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amalakwa, pakuti amaleka kupita naye kuchipatala.

Timitsempha totere tilinso mu impso, m'mene timasefa magazi. Tikatupa, mwana samva kuwawa ayi. Impso zimangoyamba kudontheza magazi ndi mapuloteni mumkodzo, pang'onopang'ono, kotero kuti poyang'ana ndi maso mkodzowo umaoneka wabwinobwino. Kapepala koviika mumkodzo ndiko kamaulula, pa mphindi 2 zokha. Vutoli limatha kuyamba mawanga atazimirira kale. N'chifukwa chake mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi ziyenera kuyezedwa mobwerezabwereza kwa miyezi 6.

Ena amati magazi mumkodzo wa mwana ndi likodzo basi. Kawirikawiri amanena zoona, makamaka kwa ana osambira m'madambo, koma mankhwala a likodzo sachiza impso zotupa. Mayi awafotokozere a zaumoyo za mawanga aja, ngakhale anatha mwezi wapitawo. Kuchipatala n'kutali, ndipo kumunda ntchito ndi yambiri, komabe mwana wokodza mkodzo wathovu kapena wodzuka nkhope itatupa asadikire tsiku limene anamulembera, apite tsiku lomwelo.