Tayala la galimoto ya 4x4 lisankhidwe ndi msewu, osati ndi maso

Mitambo ikangoyamba kuda mu Novembala, eni ake a ma Hilux, ma Land Cruiser, ma Ranger ndi ma D-Max amayamba kuzungulira m'masitolo a matayala ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Ambiri maso awo amathamangira pa tayala la mano akuluakulu, lija looneka ngati la thirakitala, poganiza kuti galimoto yokoka ndi matayala onse anayi iyenera kuvala nsapato zoopsa chomwecho. Maganizo amenewa akuwonongetsa anthu ndalama, ndipo nthawi zina akuika miyoyo pachiswe. Tayala loyenera ndi limene likugwirizana ndi msewu umene galimotoyo imayendamo masiku ambiri pa chaka, komanso katundu amene imasenza. Kwa anthu ochuluka, limeneli ndi tayala la pakatikati, lolembedwa AT, lotha kusenza katundu, losakalamba, ndipo onse asanu, kuphatikizapo sipeya, akhale ofanana.

Matayala a galimoto zoterezi alipo a mitundu itatu. Lolembedwa HT ndi la msewu wa tala: mano ake ndi ang'onoang'ono ndi oyandikana, limayenda mwakachetechete ndipo silidya mafuta ambiri, koma likalowa m'matope limasalala ngati sopo. Lolembedwa MT ndi la matope: mano ake ndi aakulu, otalikirana, kotero kuti likamazungulira limalavula matope m'mipata yake n'kulumanso pansi. Pakati pa awiriwa pali AT, limene kampani ya BFGoodrich inalitchukitsa kuyambira mu 1976, lopangidwira munthu amene m'mawa ali pa tala, masana ali pa msewu wafumbi, madzulo akukwera mtunda wa miyala. Palibe tayala limene limapambana paliponse. Chimene lapindula mbali imodzi limachitaya mbali ina, ndipo funso limene wogula ayenera kudzifunsa n'lakuti: pa makilomita 100 aliwonse amene galimoto iyi imayenda, ndi angati amene amakhala a matope enieni?

Ambiri akayankha moona mtima adzapeza kuti ndi ochepa kwambiri. Ngakhale galimoto yopita ku ntchito za kumudzi imayamba yathamanga maola angapo pa M1 kapena pa msewu wa m'mbali mwa nyanja isanapatuke. Ndipo ngozi zoopsa zimachitika kumeneko, pa tala wonyowa, galimoto ili pa liwiro, njinga kapena mbuzi italowa mwadzidzidzi. Apa mpamene anthu amasokonezeka. Kukoka ndi matayala anayi kumathandiza galimoto kunyamuka ndi kukwera mtunda, koma sikuithandiza kuima. Ikafika nthawi yoponda mabuleki, Land Cruiser ndi kagalimoto kakang'ono zonse zimadalira chinthu chimodzi, kachigawo ka labala kamene kakugunda pansi, kosaposa kwambiri chikhatho cha munthu pa tayala lililonse. Tayala la MT lili ndi mipata yambiri, ndiye kuti labala wogunda tala ndi wochepa, ndipo ambiri a mtunduwu alibe timizere ting'onoting'ono tochuluka timene timathandiza kugwira msewu wonyowa. Chotsatira chake galimoto yolemera matani awiri ndi kuposerapo imatenga mtunda wautali isanaime. Onjezanipo phokoso lake losatha, kudya mafuta, ndi kuperepeseka msanga pa tala wotentha, m'dziko limene mafuta ndi matayala zimagulidwa ndi ndalama zakunja zosowa kale.

Wina anena kuti zonsezi n'zolankhula munthu wa m'tauni, amene sanatitimirepo m'dothi la makande la ku Chikwawa ndi Nsanje kapena kuterereka pa katondo wa m'mapiri a ku Thyolo. Mawu amenewa ali ndi mfundo ndipo sitingawakane. Makande akanyowa amamata tayala la AT mpaka mano onse kubisika, galimoto n'kumangozungulira pamodzimodzi. Amene amagona ndi kudzuka m'matope otere kuyambira Disembala mpaka Marichi, monga alimi a m'madambo, a ntchito zankhalango, kapena onyamula thandizo kumadera kumene misewu inakokoloka monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu 2023, agule MT ndipo sanalakwitse. Komatu akagula adziwe kuti walira mvula walira matope: pa tala ayenera kuchepetsa liwiro ndi kusiya mpata waukulu kutsogolo. Cholakwika ndi kutenga chida cha anthu ochepawa n'kuchisandutsa chokongoletsera galimoto imene imaona matope kawiri pa chaka. Masiku awiriwo, unyolo wokokera, fosholo, kuphwetsa pang'ono mpweya ndi nzeru yodikira kuti dzuwa liumitse msewu zimagwira ntchito yaikulu kuposa mano a tayala.

Chimene chimapha matayala m'misewu yathu nthawi zambiri si matope ayi, koma miyala yakuthwa, zitsa, maenje ndi katundu. Amene anakwerapo msewu wokhotakhota wochokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, kapena wochokera ku Rumphi kupita ku Chelinda pa Nyika, akudziwa kuti tayala limang'ambika m'nthiti, ndipo la m'nthiti silimatika. N'chifukwa chake wogula awerenge zolembedwa m'mbali mwa tayala asanayang'ane mano. Pa 265/65R17, 265 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita, 65 akutanthauza kuti kutalika kwa nthiti ndi magawo 65 pa 100 a mulifupiwo, ndipo 17 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Pambuyo pake pamabwera nambala ndi chilembo, monga 112T. Nambala 112 ikunena kuti tayalalo lingasenze makilogalamu 1,120, pamene 121 ndi makilogalamu 1,450, ndipo T ndi liwiro losapitirira makilomita 190 pa ola. Zilembo LT zimasonyeza tayala lolimbitsidwa kuti lisenze katundu. Galimoto imene imanyamula matumba a chimanga, simenti kapena migolo ya madzi iyenera kuyambira pa manambala amenewa, ndipo isavale tayala lochepera pa zimene wopanga galimotoyo analemba pa kachikwangwani ka pa chitseko cha dalaivala.

Ngakhale tayala labwino chotani limasanduka mdani likasowa mpweya. Mu Ogasiti 2000 kampani ya Firestone inaitanitsa matayala pafupifupi 6.5 miliyoni ku America, ambiri mwa iwo a pa galimoto za Ford Explorer, chifukwa labala wa pamwamba ankasupuka galimoto ili pa liwiro n'kuigubuduza. Anthu oposa 200 anafa pa ngozi zokhudzana ndi matayala amenewo, ndipo ngozi zambiri zinachitika m'madera otentha. Makampani awiriwa anakankhirana mlandu, koma pa zimene zinakambidwa kwambiri panali kutentha ndi kuchepa kwa mpweya. Phunziro lake likutikhudza ife a dziko lotentha. Kuphwetsa tayala pang'ono kumathandiza pa mchenga chifukwa limaponda malo aatali m'malo mokumba, koma wobwerera pa tala osapopanso amalipinditsa nthiti mpaka kutentha n'kuphulika. Choncho pampu ndi kachipangizo koyezera mpweya ziyenera kugulidwa tsiku lomwelo ndi matayala.

Chotsutsa chachiwiri ndi cha mtengo, ndipo ndi cholemera. Matayala asanu atsopano a 4x4 ndi ndalama zambiri, pamene a kaunjika ali pambali pa msewu, mano ali bwinobwino, mtengo wotsika. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Labala amakalamba ngakhale tayala lisakuyenda, ndipo waya wa m'kati amene anaduka pa dzenje la kudziko lina saoneka ndi maso. Pafupifupi tayala lililonse lopangidwa kuyambira 2000 lili ndi manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: 2319 akutanthauza sabata la 23 la chaka cha 2019. Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu lizionedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Palinso matayala ena obwera ndi galimoto zochokera ku Japan amene anapangidwira nyengo ya chisanu. Labala wake ndi wofewa, satha kupirira kutentha kwa Okutobala. Amene thumba lamuchepera agule tayala latsopano la kampani yotsikirako mtengo, lokhala ndi manambala oyenera, kusiyana ndi la dzina lotchuka limene latha zaka zisanu ndi zitatu.

Ena amati tayala lalikulu limakweza galimoto kuti isagunde pansi. N'zoona, koma amakweza pang'ono n'kulipira zambiri. Kuchoka pa 265/65R17 kupita pa 285/70R17 kumakulitsa tayala kuchoka pa mamilimita pafupifupi 776 kufika pa 831, ndiye kuti galimoto yakwera ndi masentimita osakwana atatu. Posinthanitsa ndi zimenezo, wotchi ya liwiro imayamba kunama ndi magawo pafupifupi asanu ndi awiri pa 100, mabuleki amagwira ntchito yowonjezera, injini imavutika pa mtunda, ndipo tayala likhoza kukhula thupi la galimoto pokhota. Choipa china ndi kusakaniza matayala osiyana kukula kapena mtundu. Pa galimoto yokoka anayi, matayala osiyana amazungulira mosiyana, ndipo kulimbana kumeneko kumathera m'magiya, kumene kukonza kwake kumaposa mtengo wa tayala limene munthu ankapewa kugula. Sipeya yosiyana ndi anzake imakhumudwitsa pa tsiku lenileni limene yafunika.

Nkhaniyi ikupitirira eni galimoto paokha. Ma ambulansi a zipatala za m'maboma, galimoto za alangizi a zaulimi ndi za mabungwe othandiza anthu zimayenda pa matayala amene wina anasankha ali mu ofesi, nthawi zambiri poyang'ana mtengo wokha. Wolemba oda ya matayala alembemo mtundu, nambala ya katundu ndi chaka chopangidwa, afunse dalaivala amene amaidziwa misewuyo, ndipo wolandira katundu awerenge m'nthiti mwa tayala lililonse asanasaine. Mayi woyembekezera amene ali kumbuyo kwa ambulansi usiku wa mvula sasamala kuti tayala likuoneka loopsa bwanji. Iye akufuna kuti ligwire pa mtsetse woterera, lisang'ambike pa mwala, ndipo liime dalaivala akaponda mabuleki pa tala. Wogula aliyense, wa boma kapena wa payekha, ayese tayala ndi muyeso umenewo.