Zitsulo Zolira Maliro a Anthu

Pakati pa ife okonda zolembalemba pali khalidwe lina limene lafika poyenera kudzudzulidwa poyera. Mnzathu akatchula buku la Dostoevsky tonse timakhala chete mwaulemu, ngakhale ena a ife sitinalitsegulepo chibadwire. Akatchula filimu ya Kurosawa timagwedeza mitu ngati madoda a pabwalo. Koma wina angoyerekeza kutchula gemu ya pakompyuta, timamwetulira mwachipongwe n'kusintha nkhani, ati zimenezo n'zidole za ana othawa sukulu. Kunyoza kumeneku ine ndikukutcha ulesi wovala jekete, ndipo mboni imene ndabwera nayo ndi gemu imodzi ya ku Japan yotchedwa NieR: Automata. Ndiulula mathero ake onse, pakuti mlandu suzengedwa umboni uli m'thumba.

Gemuyi inatuluka mu February 2017. Anaikonza ndi a kampani ya PlatinumGames ya ku Osaka, anaifalitsa ndi a Square Enix, nyimbo zake anapeka ndi Keiichi Okabe ndi anzake, ndipo mwini nthano ndi Yoko Taro, mkulu wobadwira ku Nagoya mu 1970, amene poonekera pagulu amavala chigoba cha mutu wobulungira, mano onse ali pamtunda. Pofika kumapeto kwa 2024 makope ake oposa 9 miliyoni anali atagulidwa. Chiwerengero pachokha sichitsimikiza ubwino wa chinthu, poti ndi kachasu yemwe amayenda malonda. Ndachitchula kuti tidziwe kukula kwa khamu limene lamva nthano imene ife tikuikana tisanaimve.

Nkhani yake ikuchitika m'chaka cha 11945. Dziko lapansi lasanduka bwinja, mitengo yamera m'nyumba zosanja, nguluwe zikuyendayenda m'misewu ya mzinda. Tikuuzidwa kuti zolengedwa zochokera kuthambo zinaukira dziko ndi chikhamu cha makina ankhondo, ndipo anthu opulumuka anathawira kumwezi. Ali kumeneko amadalira asilikali ochita kupangidwa, maloboti a nkhope ndi thupi la munthu, a gulu lotchedwa YoRHa, kuti awalandire dziko lawo. Wosewera amayamba ali 2B, msilikali wamkazi wosachuluka mawu, limodzi ndi mnzake 9S, kazitape wachidwi ndi wolongolola. Lamulo lawo limaletsa kuonetsa chisoni kapena chikondi. Popereka sawatcha amatamanda mtundu wa anthu, ambuye awo amene sanawaonepo ndi maso.

Pang'ono ndi pang'ono bodza limayamba kuwonekera. Zolengedwa zakuthambo zija zinafa kalekale, zitaphedwa ndi makina awo omwe. Anthu nawo anatha psiti nkhondoyi isanayambe n'komwe. Chimene chili kumwezi ndi kompyuta yosunga mbiri ndi chibadwa cha mtundu wakufa. Bodza lakuti anthu akadali moyo linapekedwa kuti asilikali akhale ndi chifukwa chofera. Makina nawo analamulidwa kugonjetsa mdani, tsono amaonetsetsa kuti mdaniyo asatheretu, chifukwa atatha iwo adzasowa chokhalira. Choipitsitsa n'chakuti mtima wa msilikali aliyense wa YoRHa, kabokosi kakuda kamene kali m'kati mwake, anakapanga kuchokera ku mitima ya makina omwewo amene iye akuwadula makosi. Magulu awiri a ana amasiye akuphana pofuna kukondweretsa makolo amene ali m'manda.

M'nthano yopanda munthu ndi mmodzi yemwe, funso lakuti munthu n'chiyani likumveka paliponse. Makinawo afukula zotsala za anthu ndipo akuyesa kutsanzira. M'chipululu 2B amapeza ena akugwedeza kabedi ka khanda kopanda kanthu, ena akugundanitsa matupi awo a malata poyesa kubereka. M'nkhalango muli ufumu wa makina olondera mfumu yawo yakhanda, osadziwa kuti khanda lachitsulo silikula. M'fakitale yakale ena ayambitsa chipembedzo, ndipo akudziponya m'ng'anjo poganiza kuti akafa asanduka milungu. Kumalo achisangalalo kuli woimba wotchedwa Simone, amene anadzikongoletsa ndi mitembo ya adani ndi ya anzake kuti mwamuna wina amuyang'ane. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, iye nyimbo anaidziwa, koma mwamunayo sanacheuke. Poyamba zonsezi zimaseketsa, monga timasekera Fisi wa m'nthano akang'ambika pamphambano chifukwa chofuna madyerero awiri. Kuseka kumatha pamene wazindikira kuti zitsulozo sizinapeke kanthu kachilendo, zangotengera kwa ife.

Wina anganene kuti zonsezi buku likhoza kuzichita, ndipo linazichita kale: Karel Čapek anatipatsa liwu lakuti loboti m'sewero lake la mu 1920, ndipo funso la chidole chokhala ndi mtima ndi lakale kuposa kompyuta. N'zoona. Komatu pali china chimene tsamba la pepala silingathe. Ukafika pa mathero oyamba, gemuyi imakubweza pachiyambi kuti uyendenso ulendo womwewo uli 9S. Chinthu choyamba chimene umapatsidwa kuti uyendetse ndi kaloboti ka adani, kamene kakutunga mafuta m'ndowa kupita nawo kwa mbale wake wakufa, kuganiza kuti kakamuthira adzuka. Ukafulumira kamapunthwa, mafuta n'kutayika, iwe n'kubwerera kukatunganso. Pambuyo pake, popeza 9S amatha kulowa m'maganizo a makina, umayamba kuona zakukhosi za adani onse amene unawapha mokondwa paulendo woyamba. Wowerenga buku amaonerera wakupha ali patali, ndipo akhoza kudzitcha wosalakwa. Pano chala chimene chinadina batani ndi chako.

Ndiye pali Pascal, makina amene anakana nkhondo n'kumanga mudzi wamtendere m'mitengo. Iye amawerenga mabuku a anthu, amalera tiana tamakina, ndipo anatiphunzitsa mantha pofuna kuti tizithawa ngozi. Tsiku lina mudzi unasokonekera, makina anayamba kudyana, ndipo Pascal anabisa tianato m'fakitale iye n'kupita kukamenya nkhondo imene anailumbirira kuti sadzamenya. Pobwera anapeza tonse tadzibaya tokha chifukwa cha mantha omwe aja. Apa amapempha A2, msilikali wachitatu amene wosewera amamuyendetsa, kuti amuphe kapena amufufutire chikumbumtima chonse cha zimene zachitika. Wosankha ndiwe, ndipo ukhozanso kungomufulatira n'kuchoka. Ukamufufutira, udzamupeza kumudzi kuja ali yekha, wansangala, akugulitsa zitsulo zimene watola, osadziwa kuti ndi ziwalo za ana ake. Kholo lililonse limene linaopsezapo mwana chifukwa chomukonda lidziwa kuti apa sipakukambidwa za malata.

Onyoza ali ndi mkulu wawo wowayankhulira. Malemu Roger Ebert, katswiri wounika mafilimu wa nyuzipepala ya Chicago Sun-Times, ananena mu 2005 kuti magemu ndi otsika poyerekeza ndi filimu ndi mabuku, chifukwa amapereka chisankho kwa wosewera pamene luso lenileni limafuna kuti mlembi agwire yekha chiwongolero. Mu 2010 anabwereza kuti magemu sangakhale luso. Ngati pali anthu oyenera kukana mfundo imeneyi msanga, ndife amene tinaleredwa ndi nthano zapamoto. Wokamba akati padangokhala, omvera akapanda kuyankha kuti tili tonse, nthano imafera pomwepo. Nyimbo ya m'kati mwa nthano imafuna ovomera. Takhala zaka zambiri tikuuza ophunzira a ku Ulaya kuti luso limene omvera amalowamo ndi luso lathunthu, tsono lero tikubwereka ndodo yawo yomweyo kukwapulira ena. Ndiponso Yoko Taro sanataye chiwongolero. Gemuyi ili ndi mathero 26, kuyambira A kulekeza Z, ambiri a iwo nthabwala chabe, monga kufa chifukwa chodya nsomba imene unachenjezedwa kuti ikhoza kukupha. Koma njira zazikulu zonse zimakukokera kumalo amodzi kumene iye anakonzeratu.

Malo amenewo ndi mathero achisanu, otchedwa E. Pofika apo 2B anafa kale, 9S wapenga ndi chisoni, ndipo taphunzira kuti 2B anali wakupha wotumidwa kuti azichotsa 9S nthawi iliyonse akatulukira bodza lija, ntchito imene anaigwira kambirimbiri mtima ukumupweteka. Mayina a anthu amene anapanga gemuyi akuyenda pagalasi monga zimakhalira filimu ikatha. Kenaka timakina tiwiri tothandizira asilikali, Pod 042 ndi Pod 153, timagwirizana zokana lamulo lofufuta zonse, ndipo mayina aja amasanduka adani. Umapatsidwa kandege kakang'ono kuti uwombere mayina a olemba, ojambula ndi mabwana a kampani, iwo akukuponyera zipolopolo ngati matalala. Kupambana wekha n'kovuta kwadzaoneni. Nthawi iliyonse ukagwa, gemuyi imakufunsa ngati wagonja, ngati zonsezi zilibe phindu, ngakhalenso ngati ukuganiza kuti magemu ndi tinthu tachibwana. Ngati uli pa intaneti, pagalasi pamaoneka timawu tolimbikitsa tolembedwa ndi osewera a m'maiko ena. Potsiriza umafunsidwa ngati ulola thandizo. Ukalola, tindege ta anthu osawadziwa timakuzungulira, nyimbo imene inkaimbidwa ndi munthu mmodzi imalandiridwa ndi kwaya, ndipo chipolopolo chilichonse chimene chikanakupha chimapha mmodzi wa iwo, dzina lake n'kulembedwa kuti watayika.

Ukapulumuka umauzidwa mtengo wake. Aliyense wa okuthandizawo anavomera kuti fayilo yake yonse ifufutidwe, ntchito ya maola 30 kapena 40, zida zonse, njira zonse zimene anatsegula. Tsono nawe umafunsidwa ngati uchita chimodzimodzi chifukwa cha mlendo. Gemuyi siikunyengerera. Imakuchenjeza kuti wothandizidwayo sudzamudziwa, mwina ndi munthu amene ukanadana naye, ndipo mwina sadzakuthokoza. Imakufunsa mobwerezabwereza. Ukaumirira, umaonerera ndi maso ako zonse zikufafanizidwa tsamba ndi tsamba. Makolo anati kupatsa n'kuika, kutanthauza kuti wopatsa adzakolola mawa. Apa palibe chodzakolola, ndipo n'chifukwa chake mayesowa ali owawa kuposa mwambiwo. Yankho la gemuyi pa funso la umunthu lili pamenepa: umunthu suli m'magazi, poti a magazi onse anatha, koma umaoneka pamene wina wataya chake chifukwa cha mnzake wosamudziwa. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mlembi wa buku akhoza kulalikira mfundo imeneyi bwino lomwe, koma alibe njira yokulipiritsira. Yoko Taro anaipeza njirayo.

Nawo okonda gemuyi ndili nawo mawu. Ambiri poiteteza amathamangira kuwerenga mayina a afilosofi amene apatsidwa kwa makina: Pascal, Simone, Jean-Paul, Marx, Engels, Kierkegaard, Hegel. Akuganiza kuti mayinawo ndiwo chiphaso cholowera m'nyumba ya ophunzira. Kutero n'kuvomereza mfundo ya onyoza, yakuti gemu imalemekezeka pokhapokha itabwereka mkanjo wa buku. Chikhalirecho gemuyi imawaseka afilosofiwo: Jean-Paul ndi wodzitama wolankhula zosamveka amene salabadira akazi omukonda, Kierkegaard ndi mtembo umene opembedza akuugwadira. Kulemera kwa nthanoyi kuli m'ndowa ya mafuta ija ndi m'sitolo ya Pascal. Ndipo pali chilema chimene okonda ake sayenera kuchibisa. Msilikali 2B anamuveka kadiresi kakafupi ndi nsapato zazitali zidendene, zovala zimene palibe wankhondo angamenyere nazo nkhondo, ndipo gemuyi imapereka mphoto kwa wosewera amene wasuzumira kunsi kwa diresiyo kakhumi. Yoko Taro atafunsidwa za nsapatozo anayankha mwanthabwala kuti amangokonda atsikana. Chimenechi ndi chinyengo cha malonda, ndipo chimadetsa nthano imene ikudandaula za matupi ogwiritsidwa ntchito n'kutayidwa. Tichidzudzule ndithu. Koma wodzudzula ayenera kukhala woti wafika kumathero, monga timachitira ndi alembi aakulu amene mabuku awo ali ndi zilema zoposa izi ndipo tikuwaphunzitsabe m'makalasi.

Tisaiwalenso kumene nthanoyi inabadwira. Yoko Taro wanenapo kuti zimene zinachitika ku America pa 11 September 2001 ndi nkhondo ya ku Iraq zinasintha maganizo ake: anazindikira kuti munthu safunika kupenga kuti aphe mnzake, akungofunika kukhulupirira kuti ali kumbali yolungama. Ndipo mukachotsa 10,000 pa chaka cha 11945 mutsala ndi 1945, chaka chimene Japan anagonja atataya anyamata ake ochuluka m'dzina la mfumu yoyesedwa mulungu, mfumu imene pa 1 January 1946 inalengeza kuti si mulungu. Ine sindingathe kuona asilikali a YoRHa akufera ambuye a kumwezi osakumbukira zimenezo. Mwana wa dziko limenelo akalemba za ankhondo ofera bodza lopatulika, ndi bwino kutchera khutu, kaya walemba ndi cholembera kaya ndi kompyuta.

Ndikudziwa kuti PlayStation ndi yodula ndipo ambiri mwa owerenga athu sangaikwanitse. Mabuku a kunja nawonso ndi odula, koma sitinalekepo kuwaunika pa chifukwa chimenecho, timabwerekana, timasimbirana. Chimene ndikupempha kwa akonzi ndi aphunzitsi a zolembalemba n'chochepa: amene akufuna kuweruza luso limeneli ayambe wakhala nalo pansi mpaka kumapeto, monga amachitira ndi buku, ndipo masamba athu ounika atsegulidwe kwa achinyamata amene amalidziwa. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Uyu wabwera nako kuchokera ku Osaka, ndipo ife tamusiya panja chifukwa choti wavala zosazolowereka.