Kodi Mlandu wa Tom Robinson Ubisike kwa Ana?

Mwezi uno tifuna kutsutsana ndi akulu ena a ku Amerika, angakhale ali kutali ndipo mawu athu sadzawafika; pakuti maganizo awo amapezekanso m'mitima ya makolo kulikonse. Iwo amati mwana asungidwe wosadziwa zoipa za akulu, kuti mtima wake ukhale woyera. Potero akulu a masukulu a ku Biloxi, m'dera la Mississippi, anachotsa buku lotchedwa To Kill a Mockingbird pa maphunziro a ana m'chaka cha 2017, poti mawu ena a m'menemo amasautsa mitima ya anthu. Anthu atadandaula analibweza, koma mwana aliwerenge pokhapokha makolo ake atalemba chilolezo. Kale mu 1966 akulu a masukulu a ku Hanover County, ku Virginia, analikananso, naliyesa buku lonyansa. Ife tikuti onsewa analakwa.

Bukuli analemba ndi mayi wina, dzina lake Harper Lee, wobadwira ku Monroeville m'dera la Alabama mu 1926, ndipo linasindikizidwa mu 1960. Dzina la bukuli likamba za kambalame ka kumeneko kamene kamayimba potsanzira mbalame zinzake, kosawononga kanthu ka munthu. Wokapha wapha chosalakwa. Wosimba nkhani ndiye kamtsikana, Scout, ka zaka 6 poyamba nkhaniyo. Ali ndi mlongo wake wamkulu, Jem, ndipo atate awo, Atticus Finch, ndi loya m'mudzi wopeka wa Maycomb, m'zaka za umphawi waukulu za m'ma 1930.

Tsono munthu wakuda, Tom Robinson, wa mkazi ndi ana atatu, ananenezedwa kuti anagwirira mtsikana wachizungu, Mayella Ewell, ndipo Atticus ndiye anaikidwa kumuyankhulira pabwalo. Umboni unali poyera ngati dzuwa. Mabala a mtsikanayo anali ku mbali ya kumanja ya nkhope yake, monga amamenyera munthu wamanzere. Koma dzanja lamanzere la Tom linali lopuwala chiyambire ubwana wake, pamene linagwidwa m'makina ochotsa njere za thonje. Wamanzere anali atate a mtsikanayo. Zonsezi amuna 12 ogamula mlandu, onse azungu, anazimva ndi makutu awo, namtsutsabe Tom. Chimene chinawawawa koposa ndi chakuti iye ananena pabwalo kuti ankathandiza mtsikanayo ntchito za pakhomo chifukwa chomumvera chisoni. Ndipo kwa iwo kunali chipongwe kuti wakuda amvere mzungu chisoni. Pambuyo pake Tom anayesa kuthawa m'ndende, ndipo alonda anamuwombera zipolopolo 17.

Taonani tsono amene anaona choona tsiku la mlandulo. Anali ana, amene analowa mozemba nakhala m'chipinda cham'mwamba pamodzi ndi anthu akuda. Mnzawo Dill, pakumva loya wa boma akuyankhula ndi Tom monyoza, anayamba kulira kufikira anamtulutsa kunja. Jem anakhulupirira ndithu kuti Tom adzamasulidwa, popeza umboni unatero. Ndipo chigamulo chitamveka anapita kwawo akugwetsa misozi ya mkwiyo. Usiku wina mlandu usanayambe, gulu la amuna linadza kundende kuti limuphe Tom, ndipo Atticus anakhala yekha pakhomo. Scout anazindikira mmodzi wa iwo, bambo Cunningham, nawapatsa moni, nayamba kuwafunsa za mwana wawo amene ankaphunzira naye. Bamboyo anagwidwa ndi manyazi, nauza anzake kuti abwerere.

Ana amenewa anamva zonse, ngakhale zoipitsitsa, ndipo mitima yawo sinade nazo ayi. Kuyera kwawo kunali kwakuti anali asanaphunzire kuyesa munthu ndi khungu lake. Pakuti tsankho munthu sabadwa nalo. Amalilandira pang'onopang'ono pamodzi ndi chakudya, pakumva zonena za akulu pakhomo. Akale anati m'mera mpoyamba. Mwana amene sanaonetsedwe kuipa kwa tsankho ali wamng'ono, tsankholo lidzamupeza ndi njira ina, ndipo sadzalizindikira, popeza lidzafika ndi mawu a amayi ake ndi amalume ake.

Ndipo asatiuze kuti ndi nthano chabe. Mu 1931, m'Alabama momwemo, anyamata akuda 9 anatsitsidwa m'sitima ya pamtunda, nanenezedwa kuti anagwirira akazi awiri achizungu. Anazengedwa mofulumira ku Scottsboro, ndipo 8 a iwo anaweruzidwa kuti aphedwe. Mmodzi wa amenewa, Eugene Williams, anali wa zaka 13. Mu 1933 mmodzi wa akaziwo, Ruby Bates, anavomera pabwalo kuti ananama, koma ogamula mlandu anatsutsabe Haywood Patterson. Woweruza James Horton anafafaniza chigamulocho, ndipo chaka chotsatira anthu anamkana pa chisankho, nataya mpando wake. Palibe anaphedwa, koma ena anakhala zaka zambiri m'ndende. Ndipo atatu otsala anakhululukidwa ndi boma la Alabama mu 2013, onse ali m'manda kale. Indetu mlandu suwola. Nanga ana a ku Biloxi amene anawalanda bukuli anali a msinkhu wanji? Anali a zaka ngati 13 ndi 14. Mwana wa zaka 13 anayesedwa wamkulu wokwanira kuweruzidwa kuti afe. Kodi mnzake wa zaka zomwezo achepa kuwerenga za zotere?

Koma pali dandaulo lina limene sitifuna kulipeputsa. Makolo ena akuda amati m'bukuli muli dzina lachipongwe limene azungu ankatchula nalo akuda, ndipo likawerengedwa m'kalasi mwana wawo ndiye amachita manyazi, anzake namseka. Amatinso Tom sapatsidwa mawu ambiri, ndipo ulemu wonse umapita kwa loya wachizungu. Izi nzoona, ndipo anena ndi anthu amene chilonda chili pathupi pawo. Koma mankhwala ake ndiwo mphunzitsi wanzeru, wodziwa kuletsa chipongwe m'kalasi mwake, ndi kuwonjeza mabuku amene akuda analemba okha za moyo wa ana akuda, monga Black Boy la Richard Wright, la 1945, ndi Roll of Thunder, Hear My Cry la Mildred Taylor, la 1976. Wowonjeza mboni athandiza mlandu; wothamangitsa mboni pabwalo aupotoza.

Ife tiyesa kuti chosautsa chenicheni m'bukuli ndi manyazi amene limachititsa akulu, makamaka opembedza. Muli malo ena pamene amayi a mpingo asonkhana kunyumba ya Atticus kumwa tiyi ndi kukamba za ntchito ya mishoni. Mmodzi wa iwo, Mayi Merriweather, alengeza misozi chifukwa cha umphawi wa mtundu wina wa ku Afrika umene sanauonepo. Ndipo ndi pakamwa pomwepo adandaula kuti wophika wake wakuda wakhala ndwii chigamulire mlandu wa Tom. Ali pa tiyi pomwepo, uthenga ufika wakuti Tom wafa. Mulinso mphunzitsi, Miss Gates, amene m'kalasi adzudzula Hitler chifukwa chozunza Ayuda, koma Scout anamumva potuluka pabwalo akunena kuti akuda ayamba kudzikuza. Mwanayo sanathe kulumikiza ziwirizi, ndipo anafunsa mlongo wake. Funso lotere ndilo akulu amaliopa.

Pamenepa, abale, tichenjere ifenso, kuti tingafanane ndi amayi a tiyi aja, kupukusa mitu chifukwa cha Tom wa kutali, osaona wa pakhomo pathu. Mbuzi ikasowa, timayamba kuloza mlendo wodzakhala m'mudzi. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, maso onse amapenya kunyumba ya nkhalamba yosowa abale, umboni usanamveke. Ana athu amakhala pomwepo pamoto, namva zonse. Chifukwa chake tipempha inu makolo, aphunzitsi ndi akulu a mpingo: mwana akafunsa chifukwa chimene uje anathamangitsidwira m'mudzi, musamkalipire kuti nza akulu. Muyankheni zoona, ndipo ngati mlanduwo unagamulidwa mokondera, nenani kuti unagamulidwa mokondera; pakuti mwana ameneyo tsiku lina adzakhala pabwalo, ndipo moyo wa munthu udzakhala m'manja mwake.