Musanamizire mavenda, PTC inadzikumbira yokha manda

Ndatopa nawo anthu a mataye amene akamalira maliro a PTC amaloza chala mavenda ndi kugwa kwa kwacha. Ati boma likadathamangitsa ogulitsa m'misewu, bwenzi sitolo zija zilipobe. Limenelo ndi bodza, abale anga, ndipo ine ndikulikana.

PTC inabadwa mu 1973 m'manja mwa Press, kampani ya Kamuzu. M'zaka zomwezo boma linachotsa Amwenye kumidzi n'kuwaunjika m'mizinda ikuluikulu. Ndiye tandiuzani, mwana woleredwa mumpanda wotere akadaphunzira kuti mpikisano? Wogula analibe kolowera, choncho panalibe chifukwa chomunyengerera.

Matipate atabwera mu 1994 mpanda uja unagwa. Kenaka kunatulukira Shoprite, Sana, nayo Chipiku inadzuka. PTC inayankha bwanji? Posintha zikwangwani: pano Peoples, apo Metro, uko Spar. Chikomekome cha mkuyu! M'kati munali ngongole za anthu oiperekera katundu.

Apa mpamene pagona imfa ya sitolo yaikulu. Ukachedwa kulipira wobweretsa shuga, mawa sabweranso. Mashelefu akayera, wogula amabwerera kawiri, kachitatu saponda. Malonda akatsika, lendi, magetsi, mafuta a jenereta ndi malipiro a mabwana a kulikulu sizitsika nawo ayi. Mu 2022 Press inagulitsa PTC kwa Tafika Holdings, ndipo chaka chisanathe khoti linalamula kuti kampaniyo ithetsedwe.

Sindikuti kwacha ilibe mlandu. Inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Wooda katundu ndi madola n'kumagulitsa m'makwacha amalira ndithu. Nayo Shoprite inalengeza mu 2025 kuti ikugulitsa sitolo zake zisanu za m'dziko muno. Komatu mvula imeneyi inavumbwa aliyense. Nanga bwanji Chipiku ndi Sana sanakokoloke?

Nanga mayi wa kaokala ku Ndirande? Iyeyu amadziwa kuti Mmalawi wa m'tauni amagula za lero lokha: shuga wa pasupuni, mafuta a m'kachubu, ufa wa wokumani. Amakukongoza mpaka mwezi uthe chifukwa amadziwa khomo lako. Zinthu zikavuta amasintha m'mawa womwewo, osadikira kalata yochokera ku ofesi. Sitolo yaikulu imafuna ubwere ndi galimoto ndi malipiro athunthu. Alipo angati otere m'Malawi muno?

Chondipweteka n'chakuti njovu ikagwa, ophwanyika ndi atsikana a patilu, alonda, ndi alimi amene anapereka mazira pangongole. Mabwana amangosamukira ku bodi ina.

Tsono inu eni sitolo zikuluzikulu zotsalazi, musapemphe boma kuti likumangireni mpanda wina. Lipirani okupatsani katundu panthawi yake, ndipo tsikani m'maofesimo mukafunse mayi wa ku Ndirande uja mmene amasungira makasitomala. Paja safunsa anadya phula.