Mutu umodzi susenza denga

Ku Mzimba, kuyambira masiku a Wenela mpaka lero, ulemu wa mwamuna umayesedwa ndi zimene watumiza kuchokera ku Joni. Wotsala ku Jenda kapena ku Embangweni nayenso amavutika ndi mtengo wa feteleza ndi fizi ya ana. Onsewa anakula akumva kuti mwamuna salira, choncho amasenza nkhawa mwakachetechete mpaka kusowa tulo ndi kuthawira ku mowa.

Makolo a Chingoni sankatero. Madzulo amuna ankadyera pamodzi pa sangweni, pachipata cha khola la ng'ombe, ndipo wopsinjika mtima ankatula vuto lake kwa akuluakulu. Mwambo umenewu uyenera kubwerera. Maganizo akafika posauzana, chipatala cha St John of God ku Mzuzu chimathandiza, ndipo kupitako sikuchotsa ulemu.